Makatoni Atatu a Achifalero

Tsiku limene ndinakumana nawo koyamba ndinayamba kuona nsapato zokha. Ndinali nditagona chagada pansi pa sinki ya ku fiyeta, kochitira opareshoni pachipatala chathu, mutu uli m'kabati, sipanala ili m'manja, ndikulimbana ndi mpopi umene unakana kutulutsa madzi kuyambira dzulo lake. Kenaka panafika majombo oyera, aakulu kuposa mwini wake, n'kuima pafupi ndi bondo langa.

"Kodi miyendo iyi ili ndi mwini, kapena aiwala a ku mochale?"

Ndinatulutsa mutu. Anali mayi wamfupi, wochepa thupi, atavala zobiriwira, manja atawakweza m'mwamba ngati munthu amene wagwidwa ndi apolisi.

"Ndi yanga, mayi. Ndine wa mipope."

"Wa mipope wopanda madzi. Dzukani, bambo, tengani ndowa iyo mundithirire. Muli munthu patebulo umo."

Ndinawathirira. Anasamba mpaka m'zigongono, chala chimodzichimodzi, ndi kaburashi, osandiyang'ananso. "Pang'onopang'ono," anatero, "simukuthirira dimba." Atatha anakankha chitseko ndi msana n'kulowa, ine n'kutsala ndi ndowa yopanda kanthu. Sisitala wamkulu ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti amenewo ndi dokotala watsopano.

Nthawi imeneyo chipatala chinali m'manja mwa bambo wina amene tinkawatcha Afayilo. Anali munthu wa mabuku, wochokera ku maofesi a boma, waulemu, wa tayi tsiku lililonse. Ku mawodi sankapitako. Akafuna kupita ku sitolo ya mankhwala ankazungulira kuseri kwa khitchini kuti asadutse pakhonde pamene pankagona odwala. Sindikuwanenera zoipa ayi. Pakhoma la ofesi yawo panali chipepala chachikulu chimene anachijambula okha ndi rula, cha miyezi khumi ndi iwiri, ndipo chinthu chilichonse cha pachipatala chinali ndi tsiku lake: lothira girizi pa pampu, lochotsa zinyalala m'ngalande za padenga, lopopa zimbudzi. Pakatha zaka ziwiri zilizonse, mvula ikangosiya, ankandiitana. "Bambo, nsanja." Ine ndinkakwera nsanja yachitsulo imene inasenza thanki ya madzi a chipatala chonse, n'kupala dzimbiri ndi burashi ya waya, n'kupaka penti yofiira mizati yonse inayi, kuyambira pamwamba mpaka pamene inalowera mu simenti.

Koma mapepala opempha zinthu ankawaona motsata tsiku limene afikira. Pepala la makatani a mu ofesi likafika Lolemba, la ulusi wosokera mabala n'kufika Lachiwiri, ulusi unkadikira makatani. Tsiku lina ndikukonza mpopi kuseri kwa windo lawo ndinamva Adokotala akuwachonderera.

"Bwana, pepala langa lili pansi pa mapepala asanu ndi limodzi. Lapamwamba ndi la maburashi a kuchimbudzi."

"Lifika nthawi yake, adokotala. Ndikayamba kudumphitsa lanu, mawa aliyense abwera akulira kuti lake ndiye lofulumira. Popanda dongosolo palibe chipatala."

"Popanda ulusi palibe fiyeta."

"Ndamva. Lachisanu."

Motero pachitseko cha ku fiyeta pankapachikidwa kawirikawiri chikatoni cholembedwa kuti kwatsekedwa. Lero magolovesi, mawa okosijeni, mkuja ulusi. Mayi woyembekezera akafika mwana atapingasa, ankamukweza ambulansi kupita naye ku chipatala chachikulu, ulendo wa maola anayi pamsewu wa maenje ndi milatho itatu.

Adokotala ankakwera nawo, ngakhale kuperekeza odwala inali ntchito ya anamwino. Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pa sitepe ya nyumba yochapira, majombo atavula, malaya obiriwira aja atauma gwaa ndi magazi. Ndinapereka moni. Ndinakhala chapatali, ndikunamizira kumasula nati ina. Patapita nthawi analankhula, maso ali pa zala za kumapazi.

"Wafera pa mlatho wachiwiri. Ntchito ya mphindi makumi anayi, bambo. Ulusi wokha. Mpando wa Afayilo uja ndikadzaukhalira ine, chitseko chija sichidzatsekedwa."

Sanakweze mawu. Ananena monga mmene munthu amanenera kuti mawa ndi Lachinayi.

Afayilo anapuma pa ntchito patatha zaka zinayi. Nthawi imeneyo akuluakulu anali atayamba kunena kuti chipatala chizitsogoleredwa ndi munthu wodziwa matenda. Madokotala ena awiri amene tinali nawo anakana, ati mpando umapha manja. Adokotala aja anavomera tsiku lomwelo.

Chipepala cha Afayilo sanachichotse. Anangopachika pamwamba pake mndandanda wa ogwira ntchito ku fiyeta, ndipo m'kupita kwa miyezi mindandanda inachuluka mpaka chinakwiririka. Patebulo anaikapo makatoni atatu amene munabwera madilipi. Yoyamba anaimanga kansanza kofiira, yachiwiri kachikasu, yachitatu kobiriwira, monga amachitira kolandirira odwala: wofiira alowe pompano, wachikasu adikire pang'ono pabenchi, wobiriwira angathe kukhala mpaka madzulo, sakufa. Aliyense wolowa ndi pepala ankamufunsa funso limodzi, maso ali papepalapo.

"Chifa lero?"

Mkulu wa ophika anapita kukapempha miphika, yakale itabooka.

"Chifa lero?"

"Mphika sufa, mayi. Ndifa ndine, ndi utsi ndi kutukwanidwa."

"Mukayamba kufa mubwere, bedi ndikusungirani."

Pepala linalowa mu yachikasu. Wophikayo ndi amene anayamba kuwatchula Achifalero, ndipo dzinalo linamera mizu. Iwo analimva, sanakwiye. Funsolo tinapita nalo mpaka kumakomo kwathu. Mayi a kunyumba kwanga atandikumbutsa za chitseko cha kubafa chimene chinaguluka, ndinayesa kuwafunsa chomwecho. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chitseko ayi," anatero, "koma ukwati." Ndinakonza tsiku lomwelo.

Ndinene zoona, chipatala chinadzuka. Munthu wodziwa matenda sanamizika pa za matenda. Wa ku sitolo akanena kuti mankhwala akutiakuti atha, ankamuuza ena olowa m'malo mwake, ndi shelefu imene ali. Namwino akalemba kutentha kwa thupi kofanana pa odwala khumi, ankamufunsa ngati onsewo anabadwa kwa mayi mmodzi. M'mawa uliwonse, asanatsegule ofesi, ankayambira ku fiyeta: kuyang'ana masilinda a okosijeni, kutsegula madilowa a ulusi, kununkhiza nsalu ngati zauma bwino. Chosowa chilichonse cha kumeneko chinkalowa mu katoni yofiira, ndipo katoni yofiira sinkagona ndi pepala. Ankaimba foni, kukalipa, kunyengerera, kubwereka ku zipatala zina, kutuma dalaivala. Tiyi wawo ankazizira patebulo mpaka kugwera ntchentche. Lachitatu lililonse ankasiya ofesi n'kuvala majombo aja, kuti manja asaiwale.

Chaka chinatha chikatoni chija osapachikidwa. Chachiwiri. Chachitatu. Amayi anayamba kubwera kuchokera kutali, kulambalala zipatala zapafupi ndi kwawo. Dalaivala wa ambulansi ananenepa mpaka chiwongolero chinayamba kumukhudza pamimba. Msomali umene unkanyamula chikatonicho ndinauzula ndine, atandituma iwo, bowo lake n'kulimata.

Pepala langa loyamba la nsanja ndinalemba chaka chawo chachiwiri, mvula itasiya, monga ndinazolowera. Penti, burashi ya waya, masiku atatu.

"Chifa lero?"

"Ayi, mayi."

"Mawa?"

"Ayi. Chitsulo sichifa choncho."

Linalowa mu yobiriwira. Sindinadandaule, penti yakale inali ikadagwira. Chaka chotsatira ndinalembanso, linatsatira linzake. Chaka chachinayi dzimbiri linali litayamba kutukumula penti m'munsi mwa mizati iwiri ya kumbali kumene madzi osefukira ankadonthera. Ndinabenthula chibenthu, ndinachikulunga m'kampango, n'kukachiika patebulo pawo pamodzi ndi pepala. Anachitenga, anachifinya ndi chala, chinanyenyeka ngati khungwa louma. Anaimirira.

"Tiyeni ndikamuone wodwala wanuyo."

Anazungulira nsanja manja ali kumbuyo. Anagogoda mzati uliwonse ndi chala, monga amagogodera pachifuwa cha munthu, khutu atalisendeza pafupi. Mzati umodzi anaukankha ndi phewa. Sunagwedezeke. Ukanagwedezeka bwanji ndi thupi lochepa lija?

"Waima yekha, sakubuula, sakutaya magazi," anatero. "Wachikasu."

Ndinabwerera ku ntchito mtima uli m'malo. Wowotcherera zitsulo anauzidwa kuti abwere mwezi wotsatira. Koma sabata yomweyo makina ogoneka odwala tulo pochita opareshoni anawonongeka, ndipo ndalama zimene anakonzera nsanja zinapita kumeneko, pepala langa n'kutsikira mu yobiriwira. Anandiitana kudzandiuza okha.

"Mukanakhala inu mukanatani?"

Ndinati ndikanachita chomwecho, ndipo sindinkawanyengerera. Mpaka lero, ndikamatenga tsiku lililonse palokha, sindipeza tsiku limene analakwa. Nthawi zonse panali china chofiira kuposa nsanja: jenereta, firiji yosungira magazi, denga la wodi ya ana limene linkadonthera pamabedi. Zimene boma linkatumiza sizinkafika ku makatoni onse atatu. Zinkathera mu yoyamba.

Ndinalembanso chaka chachisanu, ndi chachisanu ndi chimodzi. Chachisanu ndi chiwiri sindinalembe. Ndinali nditaphunzira kudzifunsa ndekha funso lawo ndisanagwire cholembera. M'mawa uliwonse ndinkadutsa pansi pa nsanjayo, n'kuyang'ana m'mwamba, n'kuona kuti yaima.

Inagwa Lachiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa, kulibe mphepo, kulibe mvula. Ndinali ku wodi ya amuna, ndikutsegula ngalande yotsekeka. Ndinamva kulira kwa chitsulo, kotalika, kenaka nthaka inanjenjemera. Nditatuluka ndinaona madzi akuthamanga pakhonde, ofika m'akakolo, atanyamula mapatapata ndi mbale za anthu. Sinaphe munthu. Mizati iwiri ija inapindika m'munsi, thanki n'kugwera pa kanyumba ka pampu, kuphwanya kanyumbako pamodzi ndi pampuyo ndi paipi yaikulu. Pasanathe mphindi khumi madzi onse anali atalowa pansi. Panatsala matope ndi anthu ataima duu.

Adokotala anafika n'kuima pafupi nane. Anafunsa ngati pali wovulala. Ndinati palibe. Anafunsa kuti zitenga masiku angati. Ndinati sindikudziwa, popeza thanki, pampu ndi zitsulo, zonse n'zochokera kutali. Anagwedeza mutu n'kubwerera.

Masiku awiri anayesa. Odikirira odwala anatunga madzi pachitsime cha kuseri kwa mpanda, mzere kuyambira kuchitsimeko mpaka pakhomo la fiyeta, ndowa zikupatsirana m'manja. Tinawasefa ndi nsalu, tinawawiritsa m'migolo. Koma anali madzi ofiira, ndipo mphika waukulu wophikira zitsulo za opareshoni unkafuna madzi oyera obwera ndi mphamvu ya mpopi. Tsiku lachiwiri unatsamwa matope n'kuzima. Nsalu zinkauma zili ndi mawanga. Sisitala wamkulu anawatengera pambali, ine ndili pomwepo ndi mgolo.

"Mayi, mukang'amba munthu ndi zitsulo izi, mumupha ndinu. Mukudziwa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye titani?"

"Ndamva, asisitala."

Lachinayi m'mawa anandiitana pachitseko cha fiyeta. Anali ndi chikatoni m'manja, atalemba okha. Zilembo zawo masiku onse zinali zokhotakhota, zoti amaziwerenga ndi wa ku mankhwala yekha, koma tsiku limenelo ngakhale ine ndinawerenga.

"Muli ndi msomali?"

Ndinali nawo m'thumba. Ndinakhoma pamalo pomwe ndinamata paja. Anapachika, anachiwongola kuti chisapendekeke, n'kumapita.

Chinakhala pamenepo masiku khumi ndi asanu ndi anayi. M'masiku amenewo amayi khumi ndi anayi anakwezedwa ambulansi, ndipo onsewo anawaperekeza okha, atakhala pansi kumbuyo, dilipi ili m'manja. Ofesi anaisiya. Ankabwera, kumwa madzi, kusintha malaya, wina akafika n'kukweranso. Dalaivala ankati njira yonse salankhula, koma kugwira dzanja la wodwala ndi kumuuza iye kuti athamangitse galimoto. Khumi ndi atatu anafika. Mmodzi, mayi wogulitsa zovala pamsika, wa ana atatu, anatsirizika geti la chipatala chachikulu likuoneka. Mwana sanatuluke.

Anabwerako masana. Ndinaganiza kuti ndikawapeza pa sitepe ya nyumba yochapira, koma anapitirira mpaka ku ofesi. Patapita nthawi anandiitanitsa. Ndinapeza katoni yobiriwira ataikhuthulira pansi, mapepala a zaka zisanu ndi ziwiri ali mbwee, ena atachita chikasu, ena atadyedwa ndi mphemvu. Iwo anali atakhala pansi pomwepo, miyendo atatambasula, malaya osasintha. Patsogolo pawo anayala mapepala anga asanu motsatana zaka. Ndinanjuta pafupi ndi chitseko.

"Chaka chino simunalembe."

"Sindinalembe, mayi."

"Mmm."

Anatenga pepala limodzi n'kulitembenuza. Kuseri kwake kunalibe kanthu.

"Mukanalemba, ndikanaliika mu yobiriwira momwemo," anatero. "Pitani mukapume."

Pankhope pawo panalibe chilichonse. Sanalire, sanakalipe. Ine ndinatuluka n'kukapukuta masipanala anga, amene anali oyera kale.

Patatha sabata mwamuna wa malemu uja anabwera kudzatenga katundu amene anatsala ku wodi: beseni, bulangete, ndi kachikwama ka zovala za khanda. Anapempha kuti aonane ndi adokotala. Anaima pakhomo la ofesi, beseni lili m'khwapa, chipewa m'manja.

"Ndati ndidzathokoze, adokotala. Ndamva kuti munali nawo mpaka pomaliza. Munayesetsa."

"Khalani pansi, bambo," anatero iwo. Bamboyo sanakhale. Anayang'anana pang'ono, kenaka iwo anafunsa kuti ana atsala ndi ndani. Anati ndi mlamu wake. Iwo anati chabwino. Bamboyo anavala chipewa n'kumapita, iwo n'kutsala akuyang'ana pamene anaima paja.

Akuluakulu anabwera atatu pa galimoto yaitali, ndipo ankafuna wa mipope. Anandifunsa kuti ntchito yanga ndi chiyani ngati nsanja ikuwola ine ndikuona. Ndisanayankhe, Adokotala anaika mapepala asanu aja patsogolo pawo, lililonse lili ndi tsiku ndi siginecha yawo.

"Bambowa analemba. Amene ndinaika pambali ndine."

Anapempha kuti awachotse pampando. Akuluakuluwo anatsegula mabuku a ku fiyeta a zaka zisanu ndi ziwiri, anaona kuti panalibe chipatala china chaching'ono chimene chinapulumutsa amayi ochuluka chotero, n'kukana. Anawasiya pomwepo zaka zina zitatu.

Masiku omwewo ndinakumana ndi Afayilo pamalo okwerera basi, atakalamba, tayi ili pakhosi ngati kale. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Anafunsa kuti nsanja ndinapaka liti komaliza. Nditawauza anatseka maso ngati akumva kupweteka kwa dzino. Za mayi uja sanafunse. Ndikhulupirira sanamve n'komwe.

Nsanja yatsopano inamangidwa, ya konkire. Fiyeta inatsegulidwa. Koma makatoni aja anachoka patebulo, ndipo funso lija sitinalimvenso. Ankafika nthawi yake, kukhala, kusaina mapepala motsata tsiku limene afikira, kuweruka nthawi yake. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino. Ukawaseketsa ankadikira kuti umalize. Lachitatu linkafika n'kudutsa majombo ali pakona, mpaka wosesa anawalowetsa m'kabati. Manja sankanjenjemera, maso ankaona. Madokotala achinyamata akabwera kudzapempha thandizo pa wodwala wovuta, ankawalongosolera pakamwa, mwatsatanetsatane, osadzuka pampando. Za ulusi ndi okosijeni Sisitala wamkulu anazitenga mwakachetechete, ndipo chitseko sichinatsekedwenso. Mkulu wa ophika anayesa tsiku lina. Anaika pepala patebulo n'kunena yekha kuti, "Ichi ndiye chifa lero, mayi." Anamuyang'ana. "Ikani pamenepo," anatero.

Masiku ano ndimamva anthu akutsutsana pawailesi, ena akuti chipatala chipatsidwe dokotala, ena akuti munthu wa mabuku. Mdzukulu wanga amene akuphunzira unamwino anandifunsa kuti ine ndikuti bwanji, popeza ndinatumikira onse awiri. Ndinamuuza kuti nthawi ya Afayilo nsanja inkanyezimira, chikatoni chinkapachikidwa mwezi ndi mwezi, ndipo amayi ofera panjira panalibe wowawerenga. Afayilo anapuma mtima uli mbee, poti sanaonepo nkhope ya ngakhale mmodzi. Nthawi ya Achifalero chinapachikidwa kamodzi, anafa mmodzi, ndipo anafera m'manja mwawo. Mdzukuluyo anati limenelo si yankho. Ndinavomera. Achifalero atachoka, akuluakulu anabweretsa anthu awiri, dokotala ndi wa mabuku, matebulo awiri mu ofesi imodzi. Ndimamva kuti amakangana tsiku ndi tsiku.

Adokotala aja atapuma anakakhala ndi mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Amuna awo anali atamwalira kalekale. Ndinkapitako mwa apo ndi apo. Tinkakhala pakhonde, pamipando iwiri yapulasitiki, n'kumayang'ana anthu akumanga matabwa panjinga. Za chipatala sitinkakamba. Ankandifunsa za mawondo anga, ine n'kuwafunsa za maso awo, amene matenda a shuga anali atayamba kuwaphimba. Mwana wawoyo pondiperekeza ankandiuza kuti amakhala choncho tsiku lonse, wailesi osatsegula. Anthu oyandikana nawo nyumba sankadziwa kuti gogoyo anali dokotala. Mdzukulu akatentha thupi ankangomugwira pamphumi n'kunena kuti apite naye kuchipatala.

Kutatsala chaka kuti amwalire, mwana wawo anandipempha kuti ndiziwaperekeza kokatenga mankhwala, popeza iye ankakhala ali m'kalasi, ndipo nanenso ndinali ndi tsiku langa la mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tinkapita awiri, ine ndi ndodo, iwo atagwira chigongono changa. Pachipatala panalibenso wotidziwa. Mlonda wa pageti ankayesa kuti ndife banja.

"Agogo, mukuwasamala bwino amayiwa."

"Akanakhala amuna anga akanameta ndevu izi," anayankha iwo, osamwetulira.

Tsiku lina tinali pamzere pakhonde lalitali, makadi m'manja, patsogolo pathu patatsala anthu asanu okha. Kunamveka matayala. Bedi linkabwera mothamanga kuchokera ku wodi ya amayi, namwino akuthamanga pambali atakweza dilipi. Pabedipo panali mtsikana wapakati, dzanja likulendewera. Anthu anapatuka. Iwo sanaone msanga.

"Agogo, tapatukani! Mwaima pakati ngati mtengo bwanji?" anakalipa wokankha bediyo.

Ndinawakokera kukhoma. Bedi linadutsa, linakhota, zitseko za ku fiyeta zinalilandira n'kubwerera zokha.

"Nthawi ili bwanji?" anandifunsa.

"Leveni yangopitirira ndi mphindi khumi."

"Milomo yake inali yotani? Sindinaone."

"Yotuwa."

"Dzanja lija?"

"Zala zimagwedezeka."

Anachoka pamzere. Anapapasa khoma mpaka pabenchi yoyang'anana ndi zitsekozo, n'kukhala. Ndinawauza kuti malo athu atipita. Kenaka ndinakhala pambali pawo. Manja anawaika pamawondo, khadi lili pakati. Pakapita kanthawi ankafunsa nthawi, ine n'kuwauza. Patatha mphindi makumi awiri mwana analira m'katimo, kamawu kopyapyala ngati ka mwana wa mphaka. Ndinawayang'ana. Nkhope sinasinthe.

"Ameneyo ndi mwana," anatero. "Dikirani mayi."

Tinadikira. Amene anali kumbuyo kwathu pamzere anatenga mankhwala n'kumapita. Wokolopa anafika, tinakweza mapazi, anadutsa. Itakwana hafu pasiti thwelofu zitseko zinatseguka, bedi n'kutuluka pang'onopang'ono, mtsikana uja atafunda mpaka pachibwano, maso ali chitsekere. Namwino ankayenda mosafulumira, akukamba ndi mnzake za nsapato zimene anaziona pamsika. Anadutsa pafupi ndi mawondo athu.

"Akupuma?"

"Akupuma."

"Achedwa kusoka," anatero. "Amene ali m'katimo ndi wa manja olemera. Koma wasoka."

Anaimirira n'kugwira chigongono changa. Pawindo la mankhwala tinapeza atapita ku nkhomaliro. Tinabwerera pabenchi pomwe paja, n'kukhala, kudikira thu koloko.